DUWA LA GODETIA NDI ULENDO WACE WOFIKA KU MIGODI

 Nkhani yathu lero ndi ya duwa. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, muli kunena kuti, "Kodi nkhani zawathera a wailesi kuti atiuze za maluwa? Duwa sadyera nsima." Dikirani pang'ono, pakuti duwa limene nditi ndinene lero eni ace analikudya ndithu, ndipo mbiri yace ifanana ndi mbiri ya mizinda yathu ino koposa m'mene mungaganizire.

Dzina lace pa mapaketi a mbeu ndi Godetia. Ndi kamtengo ka caka cimodzi: kamera, kacita maluwa, kabala mbeu, kenaka kauma. Mitundu ina ilekeza m'bondo, ina ifika m'ciuno. Masamba ace ngang'onoang'ono ndi osongoka, ndipo duwa lace liri ndi mapiko anai osalala ngati nsaru ya silika, ena oyera, ena ofiira, ena ofiirira ndi banga pakati monga ngati munthu wadonthezapo utoto. Pamene mabedi ace acita maluwa onse pamodzi masamba saoneka konse.

Kwao kwa duwali ndi kumadzulo kwa North America, m'mbali mwa nyanja ya Pacific, kuyambira ku California kufikira ku British Columbia. Kumeneko limera lokha m'zitunda monga m'mene cisoso cimerera kwathu. Mvula ya ku California igwa m'nyengo yozizira, ndipo duwali limera ndi mvula imeneyo, nilicita maluwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene udzu wonse uli kuuma. Cifukwa cace Azungu a kumeneko analicha dzina lotanthauza kuti ndilo duwa lotsazika nyengo ya mphukira.

Koma Azungu asanafike, kunali eni dziko, ndipo kwa iwo maluwa a mtundu uwu anali munda. Anthu a mtundu wa Miwok, okhala m'tsinde mwa mapiri a Sierra Nevada, analikuzula timitengoti mbeu zitakhwima, natimanga m'mitolo, natiyanika, napuntha, monga momwe amai a kwathu acitira ndi citowe. Mbeuzo analikuzikazinga pozipeta pamodzi ndi makala amoto m'lichero, nazisinja m'maenje a pathanthwe, nadya ufa wace. Maenje otero alipo kufikira lero; pamalo pena pochedwa Chaw'se pali oposa 1,000 pa thanthwe limodzi. Analikudziwanso kutentha chire pa nyengo yace kuti zomera za mbeu zicuruke caka camawa. Tsono amene anena kuti ili ndi duwa la Azungu alakwa. Azungu analipeza liri ndi eni ace.

M'zaka za 1804 kufikira 1806, Boma la America linatuma asilikari awiri, Meriwether Lewis ndi William Clark, kuti adutse dziko lonse kufikira ku nyanja ya kumadzulo. Pobwerera, m'caka ca 1806, Lewis anathyola duwa lina la banja limeneli m'dziko limene lero lichedwa Idaho, naliumitsa pakati pa mapepala. Katswiri wa zomera Frederick Pursh analilemba m'buku m'caka ca 1814, nalicha Clarkia, kucitira ulemu Clark. Koma duwa louma silibala. Munthu amene anacita zambiri potumiza mbeu zamoyo ku England ndiye David Douglas, mnyamata wa ku Scotland wobadwa m'caka ca 1799, amene anayamba nchito ya m'munda wa maluwa wa mwini cuma ali ndi zaka ngati 11. Bungwe la alimi a maluwa la ku London linamtuma, ndipo anafika pa mtsinje wa Columbia m'caka ca 1825. Anayenda mitunda yosawerengeka pansi ndi pabwato, nthawi zina wosadya, alikutola mbeu ndi kuzimanga m'timapepala. Imfa yace inali yoopsa, ndipo ife a kuno tingaimvetse bwino koposa anthu a ku London. Pa 12 Julayi 1834, pa cisumbu ca Hawaii, anampeza atafa m'mbuna yokumbira ng'ombe zakuchire, ndipo m'mbunamo munali nkhunzi yamoyo. Anali ndi zaka 35.

Pano ndipatuke pang'ono cifukwa ca ana a sukulu. M'caka ca 1827, mbeu za Clarkia zitangofika kumene ku England, katswiri wina dzina lace Robert Brown anatenga mungu wa duwa lace nauika m'dontho la madzi pansi pa galasi lokuza zinthu. Anaona tizidutswa toturuka m'mungumo tirikunjenjemera kosalekeza. Poyamba anayesa kuti ndi moyo, koma atayesa ndi pfumbi la miyala anaona kuti nalonso licita cimodzimodzi. Panapita zaka 78 kufikira Albert Einstein analongosola m'caka ca 1905 kuti tizidutswato tirikukankhidwa ndi tinthu ta madzi tosaoneka ndi maso, ndipo uwu unakhala umodzi wa maumboni akuru akuti maatomu alipodi. Mwana ali yense wa sekondale aphunzira za kunjenjemera kwa Brown, koma ndi aphunzitsi ocepa amene amuuza kuti kunayambira m'duwa.

Dzina la Godetia linadza m'caka ca 1835. Édouard Spach, wa ku nyumba ya zomera ku Paris, anapatula maluwa ena a banjali nawacha dzina la Charles Henri Godet, katswiri wa zomera wa ku Neuchâtel ku Switzerland. Ogulitsa mbeu a ku England analikonda duwali, nalisankhula caka ndi caka kuti likule ndi kucuruka mapiko, ndipo mitundu yatsopano anaipatsa maina a akazi a mafumu ao, monga Duchess of Albany ndi Lady Albemarle. Pambuyo pace akatswiri anabvomerezana kuti Godetia ndi Clarkia ndi banja limodzi. Aven Nelson ndi Francis Macbride anatero m'caka ca 1918, ndipo Harlan Lewis ndi Margaret Lewis a ku Los Angeles anatsimikiza m'caka ca 1955. M'mabuku dzina lace tsopano ndi Clarkia amoena, m'banja la mitundu ngati 40. Koma ogulitsa mbeu ambiri sanasinthe mapaketi ao, monga m'mene nkhalamba zina zinapitirira kunena kuti Fort Jameson dzina litasinthidwa kale kukhala Chipata.

Onani maina onsewa: Clark, Godet, mkazi wa mfumu ya ku Albany. Palibe dzina la Mmiwok ngakhale limodzi. Ndipo pamene duwa linalikukwera m'minda ya ku Ulaya, eni ace analikutha. Golidi anapezeka ku California m'caka ca 1848, anthu nakhamukirako kucokera ku maiko onse. Olemba mbiri awerengera kuti eni dziko a ku California anali ngati 150,000 m'caka ca 1846, ndipo pofika 1873 anatsala ngati 30,000, ena ataphedwa, ena atafa ndi njala ndi nthenda. Ng'ombe ndi nkhosa za alendo zinadya zitunda za maluwa zija, ndi udzu wacilendo unalowa m'malo mwace. Mtundu wa maluwa akuru umene uli kholo la mitundu yambiri ya m'mapaketi, wochedwa whitneyi, watsala m'malo owerengeka okha m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa California.

Tsopano tibwere kwathu, kumene mwala wina wa pansi pa nthaka unaitana alendo. William Collier anakhoma zikhomo zace pa Bwana Mkubwa ndi pa Roan Antelope m'caka ca 1902. Boma ya Ndola inatsegulidwa m'caka ca 1904, ndi njanje inafikako m'caka ca 1909. Koma nchito yaikuru inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo pa nthawi yomweyo Alamba, eni ace a dziko lino, anasunthidwa kucoka m'mbali mwa njanje kunka ku malo amene Boma linawapatulira. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1931, wa Nkana m'caka ca 1932, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa pambali pace m'caka ca 1936. Malungo analikupha anthu kwambiri, kotero kuti eni migodi anaitana Sir Malcolm Watson, amene analangiza kukumba ngalande m'madambo ndi kuthira mafuta pamadzi oima. Imfa zitacepa, Azungu a pamgodi anayamba kubwera ndi akazi ao, ndipo akaziwo anabwera ndi mapaketi a mbeu.

Ku mayadi, ndiko kunena Nkana East, Nkana West, ndi pambuyo pace Parklands ndi Riverside, nyumba iri yonse inali ndi bwalo lalikuru ndi mpopi wa madzi a mu Kafue. Mbeu zinalikucokera kwa ogulitsa monga Suttons wa ku Reading ku England ndi Kirchhoff wa ku Johannesburg. Godetia anali m'gulu la maluwa a nyengo yozizira amene Azungu a kum'mwera kwa Africa analikufesa pamodzi ndi sweet pea, larkspur ndi poppy. Koma paketi yocokera ku England inali ndi msampha. Inalemba kuti fesani m'Marichi kapena m'Epulo, kutanthauza nyengo ya mphukira ya kwao. Dona woganiza mwanzeru analikuti, "Kuno nyengo nzotembenuka, mphukira idza m'Sepitembala," nafesa pamenepo, ndipo dzuwa la Okutobala linalikuocha zonse. Wina anafesa ndi mvula yoyamba monga cimanga, mizu niola m'matope, pakuti kuno kugwa mvula yoposa mamilimita 1,200 m'miyezi isanu yokha. Paketi inanena zoona mwangozi: Epulo ndiye mwezi wace kunonso, koma pa cifukwa cina. Duwali lifuna kukula m'cisanu ca Meyi, Juni ndi Julayi, cimene mizinda yathu iri naco cifukwa ikhala pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo licita maluwa m'Ogasiti ndi m'Sepitembala. Kwao litsazika mphukira. Kuno litsazika cisanu.

Ndani anasunga nzeru imeneyi? Dona analikukhala zaka zitatu kapena zisanu, nabwerera ku Johannesburg kapena ku Cornwall, ndipo wina anadza wosadziwa kanthu. Amene anatsala ndi munthu uja analikumucha gadeni boyi, cinkana anali ndi imvi ndi zidzukulu. Ambiri a iwo anali anthu a kwathu, a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson, amene anadza kudzafuna ndalama ya msonkho napewa kulowa pansi. Munthu woteroyo analima citowe ndi mawere ali mwana, ndipo mbeu yaing'ono sinamdabwitse. Anadziwa kuisakaniza ndi mcenga kuti isagwe mounjikana, ndi kusaikwirira kwambiri. Anadziwa kuti Godetia akana kuokera, cifukwa muzu wace ukasokonezeka mtengo upinimbira, cotero afesedwa pamalo pomwe adzakhalire. Anadziwa kupatulira kuti patsale cikhatho cimodzi pakati pa mtengo ndi unzace. Ndipo anadziwa cinthu cimene cibvuta alimi ambiri kukhulupira, kuti duwali likonda nthaka yosauka. Mukalithira manyowa ambiri libala masamba okhaokha niligwa pansi ngati munthu woledzera. Pa cionetsero ca zaulimi, pamene maluwa anapambana, kakhadi ka mphotho kanalembedwa dzina la dona. Ine ndiyesa kuti mbiri ya minda ya maluwa ya ku Migodi iyenera kulembedwa m'dzina la amuna aja osachulidwa, pakuti keni inali m'manja mwao m'mawa ndi madzulo.

Ku komboni zinthu zinali zina. Ku Wusakile ndi ku Mindolo nyumba zoyamba zinali za cipinda cimodzi, zoyandikana, ndi mpopi umodzi wa mabanja ambiri. Mkazi amene waima pamzere ndi ndowa kuyambira tambala sangathire madzi amenewo pa duwa. Ku Luanshya, m'zaka za m'ma 1930, kampani inagawira anchito okwatira minda kunja kwa komboni, koma inali ya cakudya, yoti akazi alimemo ndiwo ndi mbatata kuonjezera pa poso wa kampani. Panalinso utsi. Ng'anjo yosungunula mkuwa ya ku Nkana inalikuturutsa mpweya wa sulufule umene anthu a kuno aucha senta. Mphepo ikautsitsa pa nyumba, anthu analikutsokomola, masamba anthete nafota tsiku lomwelo ngati awathira madzi otentha. Ndipo m'kupita kwa zaka nthaka yomwe inasasa. Wusakile ali m'mphepete mwa mgodi weniweniwo, pansi pa phiri la zinyalala za ng'anjo limene licedwa Black Mountain. Kumeneko duwa lanthete ngati Godetia linali ndi adani ambiri koposa ku Riverside.

Zinthu zinayamba kusintha itapita sitalaka ya 1940, pamene asilikari anaombera anchito pa Nkana nafa anthu 17, ndiponso litakhazikika bungwe la anchito a m'migodi m'caka ca 1949 pansi pa Lawrence Katilungu. Makampani anaona kuti wanchito wokhala ndi banja lace zaka zambiri apindulitsa koposa wobwerera kumudzi caka ndi caka. Anamanga nyumba za njerwa za zipinda zingapo, ndi kabwalo kace, natsegula makalabu a amai ophunzitsa kusoka ndi kuphika, nayambitsa mipikisano ya nyumba ndi bwalo losamalika. Makalaliki, aphunzitsi ndi akapitao, amene ambiri anaphunzira ku mishoni kumene anazolowera kuona maluwa pakhomo pa chalichi, anayamba kubzala maluwa m'mphepete mwa njira yolowera m'nyumba, nazinga ndi njerwa zopaka laimu. Mbeu zambiri sizinagulidwe ku sitoro iai. Zinacokera ku mayadi m'thumba la malaya a gadeni boyi, nizipita kwa mlongo wace, ndi kwa mnansi wa mlongo wace.

Pali anthu ophunzira amene anena kuti maluwa a m'komboni anali kungotsanzira Mzungu. Mwina kwa ena zinali tero. Koma taganizani za munthu amene malamulo analikumuyesa mlendo m'tauni, woti akakalamba abwerere kumudzi, wokhala m'nyumba ya nambala yosakhala yace. Akuru anati mlendo ndi mame. Munthu wotere akabzala cinthu cosadya pakhomo pace, alikunena kuti iye si mame, akhala pano. Cimene ndiona ine kuti cinali coipa ndi ici: akuru a mizinda analikutama duwa nadana ndi cimanga. Kwa zaka zambiri, ngakhale ufulu wa 1964 utabwera, makhansolo a m'mizinda ya Zambia analikutuma anthu ndi zikwanje kukadula cimanga ca m'tauni, ponena kuti cisunga udzudzu. Mai wa ana asanu ndi awiri anaona cimanga cace cirikugwa, pamene mabedi a maluwa a pa mphambano za m'tauni alikuthiriridwa ndi payipi. Ngati anthu ena adana ndi maluwa kufikira lero, cidani cimeneco ciri ndi mbiri yace.

Mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975, ndipo sunadzukenso msanga. Migodi inaphatikizidwa kukhala ZCCM m'caka ca 1982, ndi m'Disembala 1986 anthu a ku Kitwe ndi ku Ndola anaukira cifukwa ca kukwera mtengo kwa ufa. M'zaka zimenezo mabedi a maluwa anasanduka mabedi a repu ndi kholowa, ku komboni ndi ku mayadi komwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nyumba za migodi zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo pofika caka ca 2000 migodi inali m'manja mwa makampani atsopano amene anadza kudzakumba mkuwa, osati kudzasamala mizinda. Madzi amene kale anali aulere anayamba kubwera ndi bilu. Cinthu cimodzi cokha cinakomera duwa: itatsegulidwa ng'anjo yatsopano ku Chingola m'caka ca 2008, ya ku Nkana inatsekedwa, ndipo senta anacepa m'Kitwe.

Lero mukalowa mumsika wa Chisokone pakati pa mzinda wa Kitwe, mudzapeza kapenta, cikanda, salaula, makasu, ndi mapaketi a mbeu za repu, tomato, anyezi ndi kabichi. Maluwa mudzawapezanso, koma ambiri ndi a pulasitiki, omangidwa nkhata za pamaliro. Pakuti pali tsiku limodzi limene ngakhale uja anena kuti duwa sadyera nsima afuna duwa, ndilo tsiku limene aitana maina pamanda kuti mkazi wamasiye, ana, ndi akucimuna ndi akucikazi aike nkhata zao. Ndi cinthu codabwitsa kuti dziko limene kuyambira zaka za m'ma 1980 linayamba kutumiza maluwa a rozi pa ndege kucokera ku minda yozungulira Lusaka kunka ku misika ya ku Holland, liika pulasitiki pa manda a ana ace. Nyengo ya Godetia ndiyo nyengo ya pfumbi, pamene maluwa amoyo asowa, ndipo nthambi yace yodulidwa pamene duwa loyamba langotseguka ikhala m'madzi sabata lathunthu kapena kuposa, maluwa ena alikutseguka m'mwamba mwace. Ku Japan kampani ya Sakata inasankhula mitundu ya mapesi atali cifukwa ca malonda omwewa.

Amene afuna kuyesa asankhe malo a dzuwa, a nthaka yopitirira madzi. Ngati ndi katondo wolimba asakanizemo mcenga, ndipo ngati ndi kufupi ndi mgodi kumene nthaka inasasa athiremo laimu pang'ono mwezi umodzi asanafese, pakuti laimu wa ku Ndola sali patali. Afese mvula itangokata, kumapeto kwa Marichi kufikira kumayambiriro kwa Meyi. Mbeu zimera pakati pa sabata imodzi ndi masabata awiri. Athirire pang'ono tsiku ndi tsiku kufikira zitamera, pambuyo pace kawiri pa sabata, pansi osati pamasamba, ndipo madzi otsukira mpunga kapena ndiwo akwanira. Nsabwe za m'masamba zikaoneka, madzi a sopo azicotsa. Pa kutha kwa Sepitembala asiye mitengo iwiri kapena itatu yokongola koposa kuti ikhwimitse zibalobalo zace, zimene ziri zazitali ngati kamzimbe ndipo zing'ambika panai zikauma. Aizule isanang'ambike, aimange mtolo, aipacike cazondoka pamwamba pa lichero m'khonde, ndipo mbeu zikagwa aziike m'botolo louma kufikira Epulo.